Kapinga wa ku Joni akayamba zigamba mvula ikamatha

Chaka chilichonse Malichi akafika pakati, mafoni a ife ogwira ntchito m'magadeni kuno ku Joni amadzaza ndi zithunzi zofanana. Kapinga amene anali wobiriwira bwino pa Khirisimasi wachita zigamba zofiirira ngati wina wakhuthulirapo madzi otentha, ndipo pansi pa chithunzicho pamakhala mawu akuti, "Achimwene, ndithire chiyani? Abwana sakundiyang'ana bwino." Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri m'mayadi a kumpoto kwa Johannesburg, ndipo yankho langa silisintha: musathire kanthu kaye. Gwadani pansi, pasulani udzu ndi zala, muone. Zigamba zimene zimaoneka zofanana mukaima pakhonde zimabwera ndi mavuto osiyanasiyana, ndipo chimene chimachiza vuto lina chimakulitsa linzake.

Nyengo imene kuno amati autumn imayamba Malichi n'kutha Meyi. Kwathu ndi masika, anthu akuotcha mondokwa ndi kuphika maungu. Kuno ndi nthawi imene mvula ya mabingu ya masana ija imayamba kudumpha masiku, dzuwa likutenthabe koma usiku kukuzizira, m'mawa mame ali mbuu pa udzu. Johannesburg ili pamwamba kuposa Dedza, mamita oposa 1,700, ndiye chisanu chake si chocheza. Kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni mumadzuka n'kupeza udzu wayera ngati auwaza ufa. Kapinga wa m'mayadi ambiri kuno ndi kikuyu, udzu wochokera kumapiri a kum'mawa kwa Africa, ndipo chisanu chikaugunda umagona mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Choncho chigamba chimene simunachikonze pofika kumapeto kwa Epulo mudzakhala nacho miyezi inayi, abwana akuchiona tsiku ndi tsiku potuluka pageti. Masabata asanu ndi limodzi awa ndiwo nthawi yokhayo imene udzu ukadali ndi mphamvu yotseka mabala ake. Zimene ndikunenazi ndi za kuno kumtunda. Anzathu a ku Cape Town mvula yawo ndiye ikuyamba kumene, ndipo a ku Durban chisanu chotere sachidziwa.

Yambani ndi mbozi

Pa zigamba zonse za Malichi zimene ndaziona, zambiri zinali za mbozi. Ndi timbozi totuwa kapena tobiriwirako, tautali ngati theka la chala, abale ake a ntchemberezandonda ndi mbozi zija zinasautsa chimanga kwathu kuyambira cha m'ma 2017. Agulugufe a usiku amaikira mazira pafupi ndi kapinga, ndipo timbozito timadya usiku, masana n'kubisala pansi pa udzu. N'chifukwa chake munthu amafika 7 koloko m'mawa, n'kuzungulira yadi yonse osaona kanthu, koma chigamba chikukula usiku uliwonse.

Muyeso wake ndi wosavuta. Madzulo musanaweruke, nyowetsani chiguduli kapena thaulo lakale, muliyale m'mphepete mwa chigamba, theka pa udzu wofiira, theka pa wobiriwira. Musaliike pakati pa chigamba, pamenepo zinadya kale n'kusamuka. M'mawa mukangofika, livundukuleni. Ngati ndi mbozi mudzazipeza zitadzipinda pansi pake, ndi tindowe tawo tobiriwira. Ngati pa nyumbapo mumapita tsiku limodzi pa sabata, sungunulani masipuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale mu ndowa ya malita 5, muthire pang'onopang'ono pa malo aakulu ngati chitseko cha kabati, mudikire mphindi 10. Chilichonse chokhala pansipo chimatuluka. Mukatha tsukuluzanipo ndi madzi oyera, sopo asaotche udzu dzuwa likakwera.

Yang'ananinso tsamba lenilenilo. Mbozi imadya tsamba n'kusiya tsinde, ndiye pa chigambapo pamaoneka timitengo touma, koma mukakoka udzu sukuzuka chifukwa mizu ili bwino. Mbalame nazo zimakuuzani: mahadeda akamatera malo amodzi m'mawa uliwonse n'kumabaya pansi ndi milomo yawo yaitali ija, pali chimene akudyapo.

Ndikumbukira yadi ina imene mwini wake ataona zigamba anagula thumba la LAN n'kundiuza kuti ndiwaze lonse, ndithirenso madzi tsiku lililonse. LAN ndi feteleza wa nayitrojeni, mnzake wa CAN amene timabereketsera chimanga kwathu. Ndinachita monga anandiuzira. Udzu unaphukadi nsonga zanthete, ndipo nsongazo ndizo mbozi zimakonda. Pasanathe sabata ziwiri chigamba cha pafupi ndi geti chinali chitalumikizana ndi cha kuseri kwa galaja. Tsiku limene ndinayala chiguduli, ndinatola mbozi zodzaza kachitini, ndinakawaonetsa adona pakhomo la kukhitchini, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kuyambira pamenepo sindikangana ndi mwini nyumba pakamwa. Ndimamuonetsa chimene ndapeza. Inunso chitani chimodzimodzi, chifukwa kapinga akafa, mlandu umagwera wa m'gadeni.

Mankhwala ake alipo a mitundu iwiri. Pali ochokera ku kachirombo kotchedwa Bacillus thuringiensis, amene amapha mbozi zokha, osavulaza mbalame kapena agalu, koma amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono. Palinso a mtundu wa cypermethrin amene ambirife tikuwadziwa kuchokera kumudzi. Onsewa poperani madzulo dzuwa litapendeka, popeza mbozi zimatuluka usiku, ndipo usiku umenewo musathirire. Muyeso tsatirani wa pabotolo, osaonjezera poganiza kuti zifa msanga. Cypermethrin ndi poizoni woopsa kwa nsomba, ndiye ngati pali kadziwe ka nsomba zokongoletsa, kaphimbeni, ndipo musatsukire sipuleya pafupi. Valani magolovesi ndi chotseka pamphuno. Ngati palibe, pemphani agule. Thupi ndi lanu, ndipo kumudzi akudalira thupi lomwelo. Pakapita sabata ziwiri yalaninso chiguduli, chifukwa mazira ena amakhala asanaswe.

Udzu ukamazuka ngati mphasa

Mukakoka udzu wa pachigamba n'kuona kuti ukunyamuka wonse ngati mphasa, vuto lili ku mizu. Dulani ndi fosholo mbali zitatu, mupindire kumbuyo. Mukapeza mphutsi zoyera zonenepa, za mutu wofiirira, zitadzipinda ngati chikwakwa, ndizo zadya mizu. Ziwiri kapena zitatu si nkhani, kapinga wathanzi amapirira. Zitoleni mupatse mbalame. Zikachuluka mpaka kudzaza dzanja pa malo a fosholo imodzi, pafunika mankhwala olowa m'dothi, ndipo amenewa mosiyana ndi a mbozi aja amafuna kuthiriridwa kuti atsike kumene kuli mphutsizo.

Palinso kachirombo kofanana ndi nkhululu, ka miyendo yakutsogolo yotambalala ngati ya mfuko, kamene kuno amati mole cricket. Kamakumba timisewu pansi penipeni pa udzu, ndipo mukaponda pamamveka wofuwofu. Madzi a sopo aja amakatulutsa. Kamakonda malo onyowa nthawi zonse, choncho yadi imene ili nato tambiri kawirikawiri ndi yothiriridwa mopitirira.

Chiswe chodula udzu ndiye chimayamba mvula ikangodukiza. Sichimanga chulu ngati cha kwathu. Mudzaona timibowo tozunguliridwa ndi dothi lofewa, pozungulira pake pali mbee ngati pametedwa, ndipo masana mukakhala phee mudzachiona chikukoka tizidutswa ta udzu kulowetsa kudzenje. Kupopera pamwamba n'kutaya ndalama, chisa chili pansi patali. Gulani nyambo yake ya timibulu, muwaze mozungulira mabowo pa tsiku louma pamene chiswecho chili pa ntchito, kuti chinyamule chokha kupita nayo kuchisa. Musathirire malowo masiku angapo, ndipo agalu ndi ana asafikepo.

Pamene palibe kachirombo

Chiguduli chikakhala chopanda kanthu, sopo osatulutsa kanthu, mizu ili yolimba, ndiye yang'anani kaonekedwe ka zigambazo.

Timadontho tating'ono tambiri, kuyambira kukula kwa ndalama yachitsulo mpaka chikhatho, tamtundu wa udzu wofolera nyumba, ndi matenda a chuku amene amati dollar spot. Fikani m'mamawa mame asanaume, mudzaona tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude pa timadonthoto. Matendawa amakonda nyengo ino yeniyeni, masana otentha, usiku wozizira, udzu wogona chinyowere, makamaka kapinga wanjala. Lekani kuthirira madzulo. M'mawa kokani payipi pamwamba pa udzu kuti mame agwe, tsamba liume msanga. Kenako dyetsani pang'ono. Nthawi zambiri izi zimakwanira popanda mankhwala.

Chigamba chozungulira chofiira pakati koma m'mphepete mwake muli udzu wobiriwira kwambiri ndi wautali kuposa wina, ndi mkodzo wa galu. Thiranipo ndowa ziwiri za madzi, basi.

Chigamba chimene chimabwerera malo omwewo chaka ndi chaka chimandiuza kuti pansi pali nkhani. Tengani sikuludalaiva yaitali, muibaye pa udzu wabwino, kenako pa chigamba. Ikalowa mosavuta pena n'kukana pena, dothi lagogomezeka, kapena omanga nyumba anakwirira zidutswa za njerwa ndi simenti. Ndinakumbapo malo otere n'kutulutsa mawilibala awiri a zibuma pansi pa dothi losakwana chikhatho. Ngati ndi kulimba chabe, monga pa njira imene anthu amadutsa popita koyanika zovala, bayani ndi foloko ya m'munda mozama masentimita 10, muigwedeze pang'ono, musunthe phazi limodzi, mubayenso. Chitani zimenezi dothi likadali lofewa ndi mvula yomaliza, chifukwa pofika Juni foloko sidzalowa.

Kumbukiraninso kuti nyengo ino dzuwa limanka lipendekera kumpoto, ndipo mthunzi wa kummwera kwa nyumba ndi mpanda umatalika sabata iliyonse. Kikuyu amafuna dzuwa lokwanira. Malo amene mu Disembala ankaombedwa tsiku lonse akhoza kukhala mu mthunzi theka la tsiku pofika Epulo, udzu n'kuyamba kupyapyala. Pamenepo feteleza sathandiza. Uzani mwini nyumba kuti malowo afunika udzu wopirira mthunzi monga LM, umene dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, kapena pakhale bedi la maluwa a mumthunzi. Kubzala LM kudikire Seputembala.

Makina otchetchera nawo amapanga zigamba

Ichi ambiri sachivomera. Kikuyu amayanga pamwamba pa mnzake chilimwe chonse mpaka kupanga chimkeka cha mitsitsi youma pansi pa masamba obiriwira. Pofika Malichi chimkekacho chimakhala chokhuthala, mukayendapo phazi limamira ngati pa matiresi. Matayala a makina nawo amamira, mpeni n'kutsika kukameta mpaka pa zoumazo. Chizindikiro chake n'chakuti zigamba zimaoneka tsiku lomwe mwatchetcha, zili ndi mizere yotsata kumene makina anadutsa, makamaka pokhota ndi pa timitunda.

Kwezani makina sitepe imodzi kapena ziwiri, udzu uzitsala masentimita 4 kapena 5, ndipo LM azitsala wautali kuposa pamenepo. Musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba pa ulendo umodzi. Tsamba lalitali ndilo limasonkhanitsira mizu chakudya cha m'chisanu, komanso limafunditsa mitsitsi ya pansi. Onaninso nsonga za udzu mukatha kutchetcha: zikakhala zonyenyeka ndi zoyera, mpeni wabuntha. Zimitsani makina, chotsani waya wa pulagi kapena muzule ku magetsi, kenako munole.

Pali anzathu amene akaona chimkekacho amafuna kuchipala nthawi yomweyo mpaka dothi kuonekera. Chonde, musatero mu Malichi kapena Epulo. Ntchito imeneyo, pamodzi ndi kuwaza dothi la pamwamba, ndi ya mu Ogasiti chisanu chikamatha. Mukapala tsopano, udzu sudzapeza nthawi yophukira, ndipo mudzatsegulira malo udzu wachilendo. Mabuku ndi mavidiyo a ku Britain amanena kuti palani kapinga nyengo ya masamba kugwa, ndipo mabwana ena amawerenga zimenezo pa intaneti n'kubwera nazo. Udzu wa kumeneko ndi wa mtundu wina, umakula nyengo yozizira. Wa kuno ukukonzekera kugona.

Chakudya chomaliza, ndi madzi

Vuto mukalipeza n'kulithetsa, ndiye dyetsani. Manambala atatu a pa thumba la feteleza amaimira nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, monga 23:21:0 wathu uja, amene nambala yake yomaliza ikusonyeza kuti mulibe potaziyamu. Nyengo ino mukufuna thumba limene nambala yomaliza ndi yaikulu, monga 3:1:5. Potaziyamu amalimbitsa udzu kuti upirire chisanu ndi matenda, pamene nayitrojeni wochuluka amatulutsa masamba ofewa amene chisanu choyamba chimawaotcha. Wazani kamodzi, pakati pa Malichi ndi pakati pa Epulo, pa udzu wouma, molingana ndi muyeso wa pathumba. Gawani fetelezayo pawiri, theka muwaze mukuyenda chotalika, theka chopingasa, kuti pasakhale mizere. Mukatha thirirani bwino tsiku lomwelo. Feteleza wosiyidwa pa tsamba amaotcha, ndipo chimenecho ndi chigamba chinanso chimene timadzipangira tokha.

Madzi achepe pamene usiku ukuzizira. Kamodzi pa sabata mokwanira kuposa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ikani zitini zopanda kanthu za nsomba m'malo anayi pa kapinga, mutsegule sipirinkala, muone nthawi imene zimatenga kuti madzi afike masentimita awiri ndi theka. Mudzadabwa kupeza chitini china chadzaza pamene china chili ndi madontho okha. Kawirikawiri pa chitini choumacho ndi pomwe pali chigamba, chifukwa kamutu ka sipirinkala katsekeka ndi dothi kapena kikuyu wakakwirira. Kuyambira Seputembala mpaka kumapeto kwa Malichi, mzinda wa Johannesburg umaletsa kuthirira m'munda pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, ndiye ngati pali makina otsegula madzi okha, pemphani awaike pa 5 koloko m'mawa.

Zigamba zazing'ono kikuyu amazitseka yekha akadya. Zazikulu kuposa thireyi zithandizeni: palani zouma ndi reki, tipulani pang'ono, sakanizani manyowa owola bwino, kenako dulani mitsitsi yoyanga imene yalowa m'mabedi a maluwa, imene mukanaitaya, muikwirire pa chigambapo nsonga zili kunja. Thirirani ndi kheni masiku onse kwa sabata ziwiri. Ikadutsa Epulo, musavutike, sidzagwira.

Udzu wachilendo ndi masamba

Usiku ukayamba kuzizira pamamera kaudzu kobiriwira mowala, kofewa, kochita timagulu, makamaka malo onyowa ndi amthunzi. Amakatcha winter grass. Poyamba kamakongola, koma kamabereka njere zambirimbiri, ndipo kutentha kukabwera kamafa n'kusiya dothi lambee. Ngati chaka chatha kanalipo, chaka chino kabweranso pomwepo. Pali mankhwala oletsa njere zake kumera amene amathiridwa mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, koma werengani botolo muone ngati akugwirizana ndi mtundu wa kapinga wanu. Mankhwala ambiri ophera udzu amene kikuyu amawapirira amavulaza LM ndi kapinga wina wotchedwa buffalo. Pa yadi yaing'ono kuzula ndi kampeni kasanachite njere kumakwanira. Chisoso ndi dawe zomwe tikuzidziwa kwathu zilinso kuno. Chisoso zulani chisanaumitse njere zake zomata zovala zija, ndipo dawe mukumbe ndi timbatata take, apo ayi abwereranso.

Mu Epulo mitengo ya plane ndi oak ya m'misewu imayamba kuyoyola masamba. Musawasiye pa kapinga kupitirira masiku ochepa, chifukwa akanyowa amamatirira, udzu wa pansi n'kuchita chikasu. Musawatayenso. Aunjikeni pakona, muwadutsepo ndi makina kuti anyenyeke, musakanize ndi udzu wotchetcha, munyowetse, muzitembenuza kamodzi pa sabata ziwiri kapena zitatu. Ena muyale m'mabedi mokhuthala ngati zala zitatu, osagunditsa ku tsinde la chomera. Pamene mukusesa pansi pa mitengoyi, yang'anani makungwa. Timibowo tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, totuluka utuchi kapena madontho onyowa, ndi chizindikiro cha kachirombo koboola mitengo kotchedwa shot hole borer, kamene kanapezeka koyamba m'dziko muno ku Pietermaritzburg mu 2017 ndipo kapha mitengo yambiri mu Johannesburg. Mukaona zotere uzani mwini nyumba, ndipo nkhuni za mtengo umenewo musapite nazo kumene mukukhala kapena ku yadi ina.

M'mabedi ntchito ndi yodziwika. Zulani maluwa a chilimwe amene atopa, thirani manyowa, mukonzere mbande za pansy, viola ndi primula, zimene zimagwira bwino kutentha kukachepa. Njere za sweet pea fesani Malichi kapena Epulo. Mababu a freesia, ranunculus ndi daffodil adikire dothi lizizire, chapakati pa Epulo kupita m'tsogolo. Mukawakwirira m'dothi lotentha amawola. Agapanthus amene athithikana agaweni tsopano. Maluwa a rozi adyetseni komaliza, koma kudulira kwake ndi kwa mu Julaye, ndipo zitsamba zoopa chisanu musazidule, masamba akunja ndiwo bulangete lake. Ngati mwini nyumba anakupatsani kangodya kanu kuseri, ino ndiyo nthawi ya repu, mpiru, kabichi, anyezi, adyo ndi nsawawa.

Chisanu choyamba chikagwa, kikuyu yense adzafiira pamodzi, kuyambira malo otsika ndi apoyera. Kumeneko si kudwala. Palani tsinde limodzi ndi chikhadabo, mukapeza mkati muli mobiriwira kapena moyera mwamadzi, ali moyo. Thirirani kamodzi pa sabata ziwiri kapena zitatu, chakum'mawa dzuwa litatuluka, ndipo m'mawa umene udzu wayera ndi chisanu musayendepo kapena kudutsitsapo wilibala mpaka usungunuke, chifukwa mapazi anu adzaoneka akuda pa udzupo kwa masabata.